Tango: gule wa alendo amene anasiya ng'oma panjira

Munthu amene anakulira kumene gule aliyense amayamba ndi ng'oma akamvetsera gulu loimba tango, chinthu choyamba kumudabwitsa n'chakuti m'gulumo mulibe ng'oma ngakhale imodzi. Muli piyano, mavayolini, chivayolini chachikulu cha besi chimene woimba amachiimika pansi, ndiponso chida china chooneka ngati akodiyoni chotchedwa bandoneón, koma wogunda chikopa palibe. Chonsecho, dzina la guleyu limapezeka kale m'makalata a boma la atsamunda a ku Spain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene akuluakulu a mzinda wa Montevideo ankafuna kuletsa misonkhano ya akapolo ochokera ku Africa imene ankaitcha tangos kapena tambos, kumene ng'oma zinkalira mpaka kuwasowetsa tulo ambuye awo. Pakati pa misonkhano imeneyo ndi gule wa masuti ndi nsapato zazitali amene dziko likumudziwa lero pali ulendo wa zaka zoposa 200, ndipo paulendowo tango yakhala ikunyozedwa kwawo, kulemekezedwa kwa eni, kenako n'kubwerera kwawo itasintha nkhope.

Zonsezi zinachitikira pamathiriro a mtsinje waukulu wa Río de la Plata ku South America, pamene pali mizinda iwiri ya madoko: Buenos Aires, likulu la Argentina, tsidya lina, ndi Montevideo, likulu la Uruguay, tsidya linalo. Ambiri amati tango ndi ya ku Argentina basi, koma mizinda iwiriyi inailera limodzi, ndipo oimba ankawoloka mtsinjewo pa sitima kawirikawiri. Cha m'ma 1800, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a ku Buenos Aires anali wakuda kapena wobadwa kwa kholo lakuda. Ambiri anagwidwa ukapolo m'madera a Congo ndi Angola, ena anakwezedwa sitima kumadoko a Mozambique, moti mwa mabungwe amene anthuwa anakhazikitsa kuti azithandizana pamaliro, pa matenda ndi powombola anzawo ku ukapolo, linalipo lodziwika ndi dzina la Mozambique, pambali pa a Congo, Benguela ndi Angola. Mabungwewa ankatchedwa naciones, kutanthauza mitundu, ndipo Lamlungu ndi pa masiku a zikondwerero ankasonkhana kuvina gule wa ng'oma wotchedwa candombe. Mawu akuti milonga, amene lero amatanthauza mtundu wina wa nyimbo komanso malo ovinirako tango, akatswiri ambiri a zinenero amati anachokera ku Kimbundu cha ku Angola, kumene mulonga ndi mawu kapena mlandu, ndipo akachuluka amati milonga. Wolankhula Chichewa safunika kumufotokozera kusintha kumeneku, chifukwa ndi komwe kuja kwa mudzi ndi midzi, munda ndi minda.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu akuda anali atachepa kwambiri m'kaundula wa Buenos Aires. Amuna ambiri anathera ku nkhondo, kuphatikizapo ija yolimbana ndi Paraguay ya 1864 mpaka 1870. Mliri wa yellow fever wa 1871 unasesa madera a anthu osauka kum'mwera kwa mzinda. Ena anakwatirana ndi azungu ndipo ana awo ankalembedwa ngati azungu. Koma chachikulu koposa chinali chakuti anamizidwa ndi chigumula cha anthu obwera. Malamulo a dziko a 1853 analamula boma kulimbikitsa anthu a ku Ulaya kusamukira ku Argentina, ndipo anabweradi. Kalembera wa 1869 anapeza anthu pafupifupi 1.8 miliyoni m'dziko lonse, pamene wa 1914 anapeza pafupifupi 8 miliyoni. Mzinda wa Buenos Aires wokha unakula kuchoka pa anthu osakwana 200,000 kufika pa oposa 1.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali obadwira kunja, makamaka ku Italy ndi ku Spain.

Obwerawa ambiri anali amuna achinyamata, osakwatira kapena osiya akazi kwawo, amene anauzidwa kuti ku America kuli ndalama koma anakapeza ntchito yonyamula katundu padoko, yomanga nyumba ndi yopha ng'ombe. Ankagona m'midadada yotchedwa conventillos, banja lonse kapena amuna angapo m'chipinda chimodzi, onse akuphikira ndi kuchapira pabwalo limodzi la pakati. M'mphepete mwa mzinda anakumana ndi zidzukulu za akapolo aja, komanso ndi magaucho, abusa a ng'ombe oyenda pa akavalo amene anasowa kolowera madambo a msipu atatchingidwa ndi mipanda ya waya. Magaucho anabwera ndi gitala ndi luso lopikisana popeka mavesi pomwepo. Amalinyero anabwera ndi nyimbo yovina ya ku Cuba yotchedwa habanera, imene kagundidwe kake nakonso kali ndi mizu ya ku Africa. Azungu anabwera ndi waltz, polka ndi mazurka, magule amene mwamuna ndi mkazi amavina atagwirana. Palibe amene anakhala pansi kuti apeke tango. Inatuluka m'chiphwirikiti chimenechi cha m'ma 1880.

Pali umboni umodzi umene umasonyeza bwino mmene kusakanikiranaku kunayendera. Mu 1883, wolemba wina wa ku Buenos Aires, Ventura Lynch, analemba kuti milonga inkavinidwa ndi macompadrito, anyamata odzitama a m'makomboni oyenda ndi mpeni m'chiuno ndi chipewa chopendeketsa, ndi kuti anaiyamba potsanzira monyogodola kavinidwe ka anthu akuda. Potsanzirapo anatenga zinthu ziwiri: corte, komwe ndi kuima mwadzidzidzi nyimbo ili mkati, ndi quebrada, komwe ndi kuthyola thupi m'chiuno ndi m'maondo. Mu candombe anthu ankachita zimenezi aliyense payekha, osagwirana. Anyamatawa anazichita atakumbatira mkazi monga mu waltz, ndipo pamenepo ndi pamene panagona chatsopano. M'magule a ku Ulaya mapazi amabwereza dongosolo limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, choncho mkazi amadziwiratu kumene phazi lipite. Mu tango mwamuna angathe kuima, kubwerera, kapena kumutembenuza mnzake iye ali chiimire, ndipo mkazi amayenera kumva zonsezi kudzera pachifuwa cha mnzakeyo popanda kuuzidwa ndi pakamwa. Mpaka lero tango ya m'malo ovinira ilibe masitepe oloweza pamtima, imapekedwa pomwepo.

Nkhani yofala yakuti tango inabadwira m'nyumba zochitiramo uhule ili ndi choona chake, chifukwa inkaimbidwadi kumeneko ndipo maina a nyimbo zina zoyambirira anali otukwana mobisa. Koma ikunenedwa mopyola muyeso, mwina chifukwa anthu opeza bwino amene analemba mbiriyi anakumana nayo kumeneko, poti kumidadada sankapondako. Inkavinidwanso pabwalo la mdadada paukwati, m'maholo olipira otchedwa academias, pa zikondwerero za carnival, ndiponso pamphambano za misewu, pamene amuna okhaokha ankavina motsatira kalimba kopukusa ndi dzanja kotchedwa organito. Zoti amuna ankavina okhaokha zinali ndi chifukwa chomveka: akazi anali ochepa, ndipo mnyamata wosadziwa kuvina sakanapeza womulola.

Oimba oyambirira ambiri anali akuda. Casimiro Alcorta ankaimba vayolini, ndipo Rosendo Mendizábal, woimba piyano, ndiye anapeka "El entrerriano" cha m'ma 1897, imodzi mwa nyimbo zakale kwambiri za tango zimene zikuimbidwabe. Magulu a nthawiyo anali a anthu atatu, kawirikawiri chitoliro, vayolini ndi gitala, zida zopepuka zoti munthu n'kuyenda nazo kuchoka pa bala ina kupita pa ina. Ng'oma inalibe malo m'tizipinda totere, komanso inali chizindikiro cha anthu amene mzindawo unkafuna kuwaiwala. Ntchito yake inagwera gitala, kenako dzanja lamanzere la woimba piyano ndi besi. Nyimbo za m'badwo umenewu, wotchedwa Guardia Vieja, monga "El choclo" ya Ángel Villoldo ya 1903, zinali zachangu, zansangala ndi zachipongwe pang'ono. Chisoni chimene anthu amachiyesa mtima wa tango chinali chisanafike.

Chisonicho chinabwera ndi bandoneón. Chidachi ndi cha ku Germany, ndipo dzina lake linachokera kwa Heinrich Band, wogulitsa zida zoimbira wa ku Krefeld wa m'zaka za m'ma 1840. Chinafika ku Río de la Plata m'katundu wa anthu obwera, ndipo mabandoneón amene oimba amawasirira mpaka lero ndi opangidwa ndi fakitale ya Alfred Arnold ku Carlsfeld, amene amangowatcha "doble A". Oimba a tango amachitcha fueye, kutanthauza mvukuto, ndipo n'zoonadi kuti chimapuma ngati mvukuto wa wosula zitsulo. N'chida chovuta modabwitsa. Chili ndi mabatani 71, kudzanja lamanja 38 ndipo kumanzere 33, oikidwa mosatsata ndondomeko yooneka, ndipo pafupifupi batani lililonse limatulutsa liwu lina pokoka mvukutowo ndi linanso poukankha, moti woimba amayenera kuloweza mapu anayi osiyana popanda kuona zala zake. Oyamba kuchigwira sakanatha kuthamanga nacho monga chitoliro, choncho nyimbo inayamba kuyenda pang'onopang'ono, mawu ake n'kukhala okoka ndi olemera. Pofika cha m'ma 1910 chitoliro chinali chikutuluka, piyano ikulowa, ndipo Vicente Greco anapatsa gulu lotere dzina lakuti orquesta típica, limene likugwirabe ntchito.

Nthawi yomweyo ana a eni ng'ombe ndi tirigu a ku Argentina, amene anali m'gulu la anthu olemera kwambiri padziko, ankapita kukadya chuma ku Paris. Kwawo ankazemba usiku kukavina tango kumakomboni. Ku Paris anaivina poyera, ndipo mu 1913 mzinda wonse unapenga nayo. Kunali maphwando a tiyi ovinirapo tango, madiresi ong'ambidwa m'mbali kuti mwendo uziyenda, ngakhale mtundu wina wa nsalu wofiirira ngati lalanje unatchedwa tango. Kuchoka kumeneko inafalikira ku London, Berlin, St Petersburg ndi New York. Mfumu Wilhelm II ya ku Germany inaletsa akuluakulu a asilikali kuivina atavala yunifolomu, bishopu wamkulu wa Paris, Kadinala Amette, anaidzudzula kumayambiriro kwa 1914, ndipo kazembe wa Argentina ku France, Enrique Larreta, anaikana poyera kuti kwawo ndi gule wa m'nyumba zonyansa. Zoletsazo zinangoiwonjezera kutchuka. Mabanja apamwamba a ku Buenos Aires, amene ankaona chilichonse cha ku Paris ngati muyeso wa chitukuko, anachita manyazi kukana chimene Paris yavomereza, ndipo anaitsegulira zitseko.

Imene inabwerayo sinali yomwe inapita ija. Aphunzitsi a ku Ulaya anachotsa kuthyola chiuno, anatalikitsa mwamuna ndi mkazi, anaika masitepe owerengeka kuti aziphunzitsika. Ku England m'zaka za m'ma 1920 anaikhazikitsira malamulo, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera tango ya mipikisano ya ballroom, ija ya mitu yotembenuka mwamphamvu ndi misana yopindikira kumbuyo, imene munthu wa ku Buenos Aires saizindikira n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti magulu oimba a ku Ulaya anaibwezera ng'oma, koma inali ng'oma ya perete wa asilikali, osati ya candombe. Kanema wa ku Hollywood wa 1921 amene Rudolph Valentino anavinamo atavala ngati gaucho anakhomereza chithunzi china cholakwika, moti Francisco Canaro atapita ndi gulu lake ku Paris mu 1925, oimba a m'tauni amene mwina sanakwerepo kavalo anakakamizika kuvala zovala za abusa a ng'ombe kuti aloledwe kuimba. Mbewu zina zinamera bwino kumene zinagwera: ku Finland tango inasanduka nyimbo ya dziko, yoimbidwa m'chinenero chawo, ndipo tauni ya Seinäjoki imachita chikondwerero chake chaka ndi chaka kuyambira 1985.

Mu 1917 tango inapeza pakamwa. Pascual Contursi anaika mawu pa nyimbo ya Samuel Castriota, n'kuitcha "Mi noche triste", ndipo Carlos Gardel anaijambula pa chimbale. Ndi dandaulo la mwamuna amene mkazi wamuchokera, akuyang'ana katundu wa m'chipinda chimene chatsala zii, ndipo inalembedwa mu lunfardo, chinenero cha m'misewu chodzaza ndi mawu a Chitaliyana. Kuyambira pamenepo tango inayamba kunena za mayi wokalamba, za komboni yakale imene yagwetsedwa, za unyamata umene wapita, za kupukwa kwa munthu amene kwawo kuli kutsidya la nyanja ndipo akudziwa kuti sadzabwererako. Gardel mwiniwake anali chitsanzo cha mzinda wa alendowu: a ku France amati anabadwira ku Toulouse, a ku Uruguay amati ku Tacuarembó, ndipo mkanganowo sunathe. Anajambula nyimbo mazanamazana, anachita makanema ku France ndi ku New York, ndipo anafa pa ngozi ya ndege ku Medellín, m'dziko la Colombia, pa 24 Juni 1935, pamodzi ndi Alfredo Le Pera amene ankamulembera mawu. Kumanda a Chacarita ku Buenos Aires, kumene anaikidwa, anthu amapanikizabe ndudu yoyaka pakati pa zala za chiboliboli chake, ndipo amati tsiku lililonse akuimba bwino kuposa dzulo.

Akazi nawo anali kutsogolo pa nthawi imeneyi, ngakhale mawu a nyimbo zambiri ankawaimba mlandu. Rosita Quiroga, Mercedes Simone, Ada Falcón, Libertad Lamarque ndi Tita Merello anatchuka pa wayilesi ndi m'makanema, ndipo Azucena Maizani ankakwera pansanja atavala suti ya mwamuna poti nyimbozo zinalembedwa ngati wolankhula ndi mwamuna. Ku mbali ya zida, Julio De Caro anakhazikitsa mu 1924 gulu la anthu 6, mabandoneón awiri, mavayolini awiri, piyano ndi besi, la oimba odziwa kuwerenga manotsi, amene anayamba kulukanitsa mawu a zida ndi kukoka kapena kufulumiza nthawi mwadala. Nyimbo inakoma kumvetsera, koma kwa ena inavuta kuvina. Chuma cha dziko chitagwa mu 1930 ndipo asilikali atalanda boma, Enrique Santos Discépolo analemba nyimbo zowawa monga "Cambalache" ya 1934, yonena kuti wakuba ndi wolungama asanduka ofanana. Iyeyu ndi amene amatchulidwa kuti anafotokoza tango ngati ganizo lachisoni limene limavinidwa.

Amene anabwezera anthu pabwalo lovinira anali Juan D'Arienzo. Kuyambira 1935, ali ndi Rodolfo Biagi pa piyano, anaimba mofulumira ndi modukizadukiza, kugunda kulikonse kukumveka ngati nyundo. Akatswiri anamunyoza kuti wabweza nyimbo m'mbuyo, koma achinyamata anakhamukira kumaholo, ndipo anthu anamutcha mfumu ya kagundidwe. Zaka 20 zotsatira, kufika 1955, ndi zimene zimatchedwa nyengo ya golide. Magulu oimba anakula kufika pa mabandoneón anayi kapena asanu, mavayolini ochuluka chimodzimodzi, ndi oimba pakamwa awiri. Mawayilesi ankaulutsa magulu akuimba pomwepo, ndipo pa carnival makalabu a mpira ankasandutsa mabwalo awo kukhala malo ovinira a anthu zikwizikwi. Munthu ankakhala wotsatira gulu lakuti monga mmene amatsatira timu ya mpira. Aníbal Troilo, amene anayamba gulu lake mu 1937, ankaimba bandoneón atatsinzina ndipo anasandutsa woimba pakamwa kukhala ngati chida china cha m'gulu. Carlos Di Sarli anali wa mavayolini osalala oyenera kuyenda mwaulemu. Osvaldo Pugliese, amene anayamba mu 1939, ankagunda molemera pa kugunda koyamba ndi kwachitatu, kamvekedwe kamene anakatcha yumba. Gulu lake linkagawana ndalama ngati kopaletivi, ndipo poti iye anali wa chipani cha Komyunisiti ankatsekeredwa kawirikawiri. Zikatero anzake ankaimba popanda iye, ataika duwa lofiira pa piyano yopanda munthu.

M'nyengo imeneyi ndi mmene munakhazikika miyambo ya ku milonga, ndipo miyamboyi imaulula zambiri za anthu amene anaipanga. Mnyamata sankangolowa m'holo. Ankayamba wapita ku práctica ya amuna okhaokha, kumene akuluakulu ankamuvinitsa mbali ya mkazi kwa miyezi yambiri, kuti adziwe mmene kutsogoleredwa kumamvekera m'thupi asanayambe kutsogolera wina. Pabwalo onse amayenda mozungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, awiri alionse ovina limodzi mumzera wawo, osadumpha amene ali patsogolo. Nyimbo zimaikidwa m'magulu a zitatu kapena zinayi za gulu loimba limodzi, otchedwa tanda, ndipo pakati pake pamaikidwa kanyimbo kena kosavinika kotchedwa cortina, kodziwitsa kuti aliyense abwerere pampando wake. Pamasinthanasinthana mitundu itatu: tango yeniyeni, vals yozungulira, ndi milonga yachangu, imene mwa zitatuzi ndi yomwe yasunga kwambiri kagundidwe kakale. Mwambo wanzeru koposa ndi cabeceo. Mwamuna sapita kukaima pamaso pa mkazi kuti amupemphe. Amamuyang'ana ali kutali, maso akakumana amagwedeza mutu pang'ono, ndipo mkazi akafuna amagwedezanso, akapanda kufuna amangoyang'ana kumbali. Wakanidwa palibe amene wamuona, wakana sanafunike kupereka chifukwa. Usiku ukatha pamaikidwa "La cumparsita", nyimbo imene Gerardo Matos Rodríguez, mnyamata wa ku Montevideo, anaipeka cha m'ma 1916, ndipo aliyense amadziwa kuti yotsatira kulibe.

Boma silinasiye kuiyang'ana ndi diso lokayika. Asilikali amene analanda ulamuliro mu 1943 analetsa lunfardo pa wayilesi, moti olemba anakakamizika kusintha mawu ndi maina a nyimbo zodziwika kale, mpaka mu 1949 pamene opeka nyimbo anakadandaula kwa Pulezidenti Juan Perón. Perón atachotsedwa mu 1955, zinthu zambiri zinagwa pamodzi. Maboma a asilikali ankakayikira misonkhano ya anthu ambiri, oimba ena anasalidwa chifukwa cha ndale, kulipira gulu la anthu oposa 10 kunadula, anthu ochokera kumidzi amene anadzaza mafakitale ankakonda nyimbo za kwawo, ndipo achinyamata anatengeka ndi rock and roll. Pofika m'ma 1960 tango inali gule wa makolo, wovinidwa m'makalabu ochepa a m'madera monga Villa Urquiza.

Pamene kuvina kunkazilala, nyimbo inatenga njira ina kudzera mwa Astor Piazzolla. Anabadwira ku Mar del Plata mu 1921, anakulira ku New York akumva jazz ndi nyimbo za Bach, ndipo ali mnyamata anaonekera pang'ono m'kanema wa Gardel ngati wogulitsa nyuzipepala. Anaimba m'gulu la Troilo, koma mtima wake unali pa nyimbo zapamwamba za ku Ulaya, ndipo mu 1954 anapita ku Paris kukaphunzira kwa Nadia Boulanger, mphunzitsi wotchuka wa kapekedwe ka nyimbo. Mayiyu ataona zolemba zake anati n'zaluso koma mwiniwake sakuonekamo, ndipo atamumva akuimba tango yake pa piyano anamuuza kuti asaisiye. Apanso inali Paris imene inauza mwana wa ku Argentina kuti cha kwawo n'chamtengo. Atabwerera mu 1955 anakhazikitsa gulu loimba lotchedwa Octeto Buenos Aires, anaikamo gitala ya magetsi, anayamba kuimba bandoneón ataimirira phazi limodzi lili pampando, ndipo analemba nyimbo zoti anthu akhale pansi n'kumvetsera. Okonda zakale anamutcha wakupha tango, ena ankamuopseza, ndipo iye anayankha kuti ngati si tango, aitche nyimbo zamakono za Buenos Aires. Lero "Adiós Nonino" ya 1959, imene anaipeka bambo ake atamwalira, ndi "Libertango" ya 1974 ndi zimene anthu akunja ambiri amayamba kumva. Anamwalira mu 1992. Mlandu umene anamuimba ndi womwe De Caro ndi D'Arienzo anaimbidwapo pa nthawi yawo, ndipo ndi womwe unadzagweranso magulu monga Gotan Project, limene mu 2001 linasakaniza bandoneón ndi nyimbo za pa kompyuta.

Kuvinako kunadzuka mu Novembala 1983, ndipo kunadzukira ku Paris. Claudio Segovia ndi Héctor Orezzoli anasonkhanitsa oimba ndi ovina amene kwawo ankaoneka otha ntchito, n'kukaonetsa chionetsero chotchedwa Tango Argentino ku Théâtre du Châtelet. Munali Juan Carlos Copes ndi María Nieves, komanso Virulazo, bambo wonenepa wa zaka zoposa 50 amene ankavina ndi mkazi wake Elvira mopepuka ngati sakuponda pansi. Chionetserocho chinafika ku Broadway, dera la maholo a zisudzo ku New York, mu 1985 n'kuzungulira dziko, ndipo owonerera anayamba kufunsa kumene angaphunzire. Chaka chomwecho cha 1983 ulamuliro wankhanza wa asilikali unatha ku Argentina. Alendo atayamba kufika ku Buenos Aires anapeza kuti zimene anaona pansanja, miyendo youluka ndi yokolana, si zimene nkhalamba za m'makalabu zinkavina. Izo zinkangoyenda, zitakumbatirana pafupi, mapazi osachoka pansi. Nkhalamba zimenezo, zina zopuma pa ntchito ya m'fakitale, zinasanduka aphunzitsi oitanidwa ku Berlin ndi ku Tokyo. M'ma 1990 Gustavo Naveira ndi Fabián Salas anaphwasula kavinidweko kuti aone mmene kamagwirira ntchito, n'kutsegula njira ya masitayilo atsopano, ndipo m'malo ambiri tsopano mkazi amatha kutsogolera, mwamuna n'kutsatira.

Kuyambira 2003 mzinda wa Buenos Aires umachititsa mpikisano wa dziko lonse, wogawidwa pawiri, tango ya pabwalo ndi tango ya pansanja, ndipo mu 2009 amene anapambana mbali ya pabwalo, imene eni ake amaiona kuti ndi yeniyeni, anali banja la ku Japan. Chaka chomwecho bungwe la UNESCO linaika tango pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, Argentina ndi Uruguay atapempha limodzi, mndandanda womwe uja umene Gule Wamkulu analembedwapo m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pamsonkhano womwewo candombe ya ku Uruguay inalembedwanso, payokha.

Mbali ya ku Africa ya mbiriyi yachedwa kuvomerezedwa, chifukwa kwa zaka zambiri ana a sukulu ku Argentina ankakula akumva kuti dziko lawo linatsika m'sitima zochokera ku Ulaya. Chonsecho, anthu akuda sanachokemo mu tango: Leopoldo Thompson anali mmodzi mwa oyamba kukhazikitsa besi m'magulu oimba, akuigunda ndi dzanja ndi uta ngati ng'oma, ndipo Horacio Salgán, mmodzi mwa akatswiri aakulu a piyano, amene anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 100, anali wa magazi a ku Africa. Juan Carlos Cáceres, woimba wa ku Buenos Aires amene anakhazikika ku Paris, anathera zaka zake zomaliza akubwezera ng'oma mu tango, ndipo mu 2013 wopanga makanema wa ku Angola, Dom Pedro, anamutsatira ndi kamera pofufuza mizu imeneyi. Ku Montevideo ng'omazo sizinaleke kulira. M'madera a Barrio Sur ndi Palermo, kumapeto kwa sabata, anthu amasonkha moto wa mapepala ndi nkhuni m'mphepete mwa msewu, n'kundandalika ng'oma zawo mozungulira kuti zikopa ziwambike zisanayambe kugundidwa. Ng'omazo zilipo za mitundu itatu: yaing'ono imatchedwa chico, yapakati repique, ndipo yaikulu, ya liwu lakuya limene limanyamula zinzake zonse, imatchedwa piano.